Tsiku Limene Asilikali Anakhuta

Ntchito yanga pa wailesi ndi yomasulira nyimbo. Ndimaisenda nyimbo ngati nthochi, omvera n'kumaimba foni kuti, "Akulu, mutu muli nawo." Ine n'kumakhulupirira.

Amene sankakhulupirira ndi apongozi anga aamuna, msilikali wopuma. Zaka zisanu ndili pabanja ndi mwana wawo, koma ankangonditchula kuti "a pawailesi aja". Zinkandiwawa, ndisaname. Choncho nditapeza tepi ya nyimbo yakale ya asilikali a m'gulu lawo, ndinati basi, ulemu wanga wapezeka.

Nyimboyo imati: "Lero takhuta, anyamata, mphika sunathe. Wophika, gawanso, mbale zatsala."

Ndinaijambulira pulogalamu yathunthu. Lamlungu masana ndinapita kwawo nditathira tayi, ndinawakhazika pampando wawo wa pawindo n'kutsegula wailesi. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mawu anga anadzaza pabalaza. Ndinkafotokoza kuti iyi ndi nyimbo ya chipambano, kuti mphika wosatha ukuimira dziko la mwanaalirenji limene asilikali ankalimenyera. Ndinkadzivomereza ndekha ndi mutu, wopanda n'manyazi omwe.

"Mwati chipambano?" anafunsa apongozi.

"Eya, bambo. Mukaizukuta bwino..."

"Wophika wathu ankatiwerenga m'mawa tikamanyamuka," anatero, maso ali pawindo. "Tikachoka anthu makumi anayi, ankaphika za anthu makumi anayi, n'kundandalika mbale pansi. Chakudya chinali chochepa, tinkangolawa. Kukhuta kunkabwera tsiku limene ambiri sanabwerere."

Ndinasiya kuvomereza ndi mutu kuja, iwo n'kupitiriza.

"Tsiku limene tinapeka nyimboyi tinabwerako khumi ndi atatu. Ine ndinadya mbale zitatu. Njala ilibe chisoni. Yachitatuyo ndinaizindikira nditamaliza, inali yopindika m'mphepete. Ya mng'ono wanga."

Ndinalakalaka simenti itang'ambika n'kundimeza ndi digiri yanga yomwe. M'wailesimo ine wanzeru uja ndinali ndisanatope. Ndinkauza omvera kuti asunthe mipando, aimirire, tivine pamodzi ndi ngwazi zathu. Kenako ng'oma zinayamba.

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma apongozi anandigwira pamkono. Aka kanali koyamba kundikhudza chikwatirire mwana wawo.

"Isiyeni ithe, mwananga," anatero. "Nyimboyo sinalakwe."