Makina Akudikira Elifasi

"Tabwera ndi galimoto, alamu. Longedzani katundu."

A Jameson ananena zimenezi asanapereke n'komwe moni. Zione anali pampopi kuseri kwa wodi, akutsuka kapu ndi supuni. Atadzutsa mutu anaona mlamu wakeyo, mkulu wake wa mwamuna wake, atavala jekete yakuda imene ankavala pa Mgonero ndi pamaliro pokha.

"Galimoto ya chiyani?"

"Yotengera mng'ono wanga. Elifasi akagone kwawo."

Linali tsiku lachisanu Elifasi ali m'kachipinda ka odwala mwakayakaya pachipatala cha mishoni. Chinamugwetsa ndi mankhwala a fodya. Kampopi ka sipuleya katatsekeka ali kumunda ku Nsaru, iye anachita zomwe alimi ambiri amachita, ngakhale onse amadziwa kuti n'zoletsedwa: anakamasula n'kukauzira ndi pakamwa. Asanamalize mzere wachitatu anali akutuluka thovu, thukuta lili kamukamu. Pofika naye kuchipatala n'kuti chifuwa chitaleka ntchito. Madokotala anamulowetsa paipi kukhosi n'kumulumikiza ku makina opumira.

Dzulo lake a Jameson anawalola kulowamo mphindi ziwiri zokha. Anapeza zikope zitamatidwa ndi pulasitala, manja ali zii. Anaitana katatu, osayankhidwa. Chifuwa chokha ndicho chinkakwera n'kutsika ngati mvukuto wa wosula makasu. Anatuluka n'kukwera njinga yamoto.

"Munthu uja anapita, alamu," anatero tsopano. "Ine ndaika anthu ambiri, dzanja la wamoyo ndimalidziwa. Chikukweza chifuwa chija ndi magetsi basi. Chubu cha njinga nachonso mukachipopa chimafufuma."

"Dzulo madzulo anagwedeza chala. Ndinaona ndi maso angawa."

"Mwatopa inu. Masiku asanu osagona, ngakhale chitseko mungachione chikugwedeza chala." Kenako anatsitsa mawu. "Ndinu mkazi wake, palibe akukana. Koma mkamwini zikafika apa amabwerera kwa eni ake. Mwambo mukuudziwa."

Zione ankaudziwadi. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi Elifasi anakhala kumudzi kwa mkazi wake, anamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi zigafa ziwiri, anabereka ana atatu. Koma pa matenda aakulu ndi pa imfa, mawu a mkazi sapita patali. Anawatsatira a Jameson kuofesi ya anamwino, kapu ikadali m'manja.

Namwino wamkulu wa kachipindako, mayi Bernadette, anali munthu wamfupi wosadziwa kukuwa. Anamvetsera mpaka a Jameson atamaliza kupempha pepala losaina.

"Bambo, tikachotsa paipi ija lero kuti muwagoneke papikapu, pageti safikapo."

"Afikepo bwanji munthu woti anafa kale? Mukutisungira mtembo pamagetsi, eti?"

"Nanga changu chonsechi n'chachiyani? Mawa si tsiku?"

A Jameson anayang'ana nsapato zawo. Anali mkulu wa mpingo, munthu woti akanena chinthu kumudzi palibe wofunsa kawiri, ndipo iwonso sankadzifunsa kawiri.

"Uthenga ndinapereka kale," anatero. "Belu linalira dzulo. Adzukulu alowa kumanda m'mamawa, akukumba."

Kapu inagwa pansi n'kugubudukira kunsi kwa tebulo.

"Ana anga?" anafunsa Zione. "Chipiliro wamva zimenezi?"

"Anakawatenga onse atatu. Ali kusiwa ndi agogo awo."

Zione anafuna kulira koma misozi inakana. Chinabwera ndi ukali, ukali woti sanaumvepo chikwatiwire. Ana ake akulira bambo awo, iye akutsuka kapu yoti adzawamwetsere phala!

Mayi Bernadette anatola kapuyo n'kuiika patebulo. "Khalani pansi nonse, mumve kaye. Makina aja amatcheredwa mosiyanasiyana. Masiku onsewa tinawatchera kuti azichita zonse okha. Amadziwerengera okha n'kukankha mpweya, wodwala afune asafune. N'chifukwa chake tinawagoneka ndi mankhwala, kuti asamalimbane nawo. Zimene munaona dzulo ndi tulo ta mankhwala."

"Tulo tozizira manja?"

"Eya, tomwe. Tsono pali katcheredwe kena koti makina ndi wodwala azigawana ntchito. Ndiye pali kachitatu, koti makina amangodikira. Munthu akayamba yekha kukoka mpweya, iwo amangothandizira, monga mumakankhira ngolo pachitunda ng'ombe zikukoka. Ng'ombe zikapanda kukoka, ngolo siyenda. Adokotala analamula kuti lero tiyese kachitatuka, ndipo mankhwala ogonetsa tawachepetsa kuyambira m'mawa. Mtembo sungayambitse mpweya, bambo. Lowani mudzionere."

"Akapanda kukoka?"

"Pakatha masekondi makumi awiri makina alira, n'kuyambanso kuwapumira."

"Akalira ndikumutenga," anatero a Jameson. Namwino sanavomere, koma sanakanenso, poti ankadziwa kuti achibale akaumirira pepala, mapeto ake amasaina.

Anawavula nsapato n'kuwaveka zophimba pakamwa. M'kachipindamo munkanunkha mankhwala otsukira pansi. Pulasitala wa m'maso anali atachotsedwa, koma Elifasi anali chigonere, ndevu zitamera mozungulira paipi. Dokotala, mayi wachitsikana wamagalasi, anawagwedezera mutu n'kudina mabatani atatu.

Phokoso lomwe Zione analizolowera masiku asanu linasiya. Chifuwa chinatsika, osakweranso.

Zione anayamba kuwerenga chamumtima. Zisanu. Anayang'ana pamimba, pakhosi, pamphuno. Khumi. Panalibe chogwedezeka. Khumi ndi zisanu. Anagwira chitsulo cha bedi mpaka zala kuwawa.

Makina analira mokweza, nyali yofiira ikuthwanima, ndipo anayambanso kupopa okha.

"Mwamva nokha," anatero a Jameson. Sananene monyada ayi. Chophimba pakamwa chinali chitanyowa ndi misozi, poti Elifasi anamulera ndi iwo bambo awo atamwalira. "Ndipatseni pepala. Mwana wa mayi anga wazunzika mokwanira."

"Mankhwala ogonetsa sanathe m'thupi," anatero dokotala. "Zimachitika. Tidikire theka la ola, tiyesenso."

"Anthu ali kumanda, adokotala, ndipo mvula ikubwera. Mudzayesa mpaka liti?"

Anasendera kubedi, dzanja litatambasuka. Kaya ankafuna kugwira nkhope ya mng'ono wawo, kaya paipi, Zione sanadikire kuti aone. Analowa pakati pawo ndi bedi. Chikwatiwire anali asanawayankhepo alamu akewo ali chiimire.

"Mukakhudza paipi imeneyi, muwaimbire adzukulu akumbe awiri."

"Alamu!"

"Ndanena. Inu munawaona mphindi ziwiri, n'kukaliza belu. Ine ndakhala pano masiku asanu. Theka la ola lokha likukuvutani?"

A Jameson anabweza dzanja. Anakakhala pampando wa pakona, msana uli chilili, maso ali pawotchi ya pakhoma.

Theka la ola limenelo linatalika ngati mwezi wa njala. Kunja woyendetsa pikapu analiza hutala kawiri. Foni inkanjenjemera m'thumba la jekete, kusiya, n'kuyambiranso. Mayi Bernadette anayamwa makhololo m'paipi ndi kachubu, anakweza kumutu kwa bedi, n'kutsina Elifasi paphewa. Sanasinthe nkhope. Zione anayamba kukayika chala chija. Mwina analidi atatopa.

"Tiyesenso," anatero dokotala.

Namwino anamukoka Zione pamkono. "Ayankhuleni, mayi. Osati monong'ona ngati muli m'tchalitchi. Mmene mumawadzutsira kunyumba."

Phokoso linasiyanso. Chifuwa chinatsika.

"Bambo a Chipiliro," anayamba Zione. Zisanu. Anawerama mpaka pakhutu. "Bambo a Chipiliro! Dzuwa lafika pamutu inu muli gone? Kwanu akukumba manda anu, mukundimva? Ana anu ali kusiwa, akulira." Khumi. "Pouzira sipuleya paja mpweya munali nawo wambiri, wosamva kuletsa. Lero wapita kuti? Kokani! Ana aja ndikawauze chiyani ine?"

Khumi ndi zisanu. Khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Pansi pa nthiti panaphwa pang'ono, ngati munthu wofuna kusisima. Makina anayankha nthawi yomweyo, pfuu, chifuwa n'kukwera.

Panapita kanthawi, nthiti zinakokanso, makina n'kuyankhanso. Mpweya wachitatu unachedwa, wachinayi unabwera mofulumira. Sikunali kupuma kwa mvukuto kuja. Kunali kupuma kosalongosoka, kwa munthu wotopa.

Mayi Bernadette analoza kachizindikiro kamene kankayaka pagalasi la makina. "Bwerani, bambo. Aka kakayaka, ndiye kuti ayambitsa ndi iwo. Werengani nokha."

A Jameson anadzuka pang'onopang'ono. Anawerenga, milomo ikugwedezeka kuseri kwa chophimba, mpaka khumi ndi ziwiri. Kenako anaika chikhatho pamphumi pa mng'ono wawo. Elifasi anachita tsinya, monga ankachitira munthu akamusokoneza tulo.

"Musafulumire kusangalala," anatero dokotala. "Akadali odwala kwambiri, ndipo akatopa tiwabwezera pa katcheredwe koyamba apumule. Paipi ikhala tsiku limodzi kapena awiri. Koma moyo ulipo."

Pakhonde, a Jameson anatulutsa foni n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anthu khumi ndi anayi anali atawafuna.

"Alamu, ndikayambire pati?"

"Yambani ndi mwana wanga."

Anaimba n'kumupatsa foni. Zione anamva nyimbo ya amayi a chigwirizano chapatali, kenako mawu a Chipiliro, osasa ndi kulira.

"Chipiliro, ndine mayi ako. Bambo ako ali moyo, akupuma, ndachokera pomwepo. Ayi, sindikukunamiza. Tenga azing'ono ako mutuluke m'nyumba imeneyo." Apo m'pamene misozi yake inabwera, ndipo anabweza foni.

A Jameson anaimbira a Damiano, mkulu wa adzukulu. Anakweza mawu a foni kuti amve bwino, poti mvula inali itayamba pamalata.

"A Damiano, dzenje lafika pati?"

"Lafika m'chifuwa, abambo. Mwanyamuka?"

"Lekani kukumba. Elifasi ali moyo. Ndinalakwitsa ndine."

Pafoni panamveka khasu likugwera pansi, ndi anthu akufunsana. Onse ankadziwa chotsatira: manda akakumbidwa sakwiriridwa opanda kanthu, kuopa kuti angaitane wina. Mumayenera kugona thunthu la nthochi m'malo mwa munthu.

"Ndiye tikadule nthochi ya ndani?" anafunsa a Damiano. "Za pafupi pano zonse zili ndi mikoko, eni ake salola."

A Jameson anavula jekete yawo n'kuipinda pamkono.

"Pitani kuseri kwa nyumba yanga," anatero. "Mukadule yaikuluyo. Musakwirire, ndibwera ndidzakwirire ndekha."