Chowotchera Nyama M'chipinda cha a Silvesta

Oscar anawalakwira alamu ake a Silvesta mu Okutobala wa chaka chathachi, sabata yomwe banja linkakonzekera mwambo wa chiliza cha malemu a Eneles. A Eneles anali akazi a a Silvesta, komanso achemwali ake aakulu a Oscar. A Silvesta anabwera ku Mtakataka kuchokera ku Bembeke ali mnyamata, kudzakhala pa chikamwini. Njerwa za nyumba yawo ya malata anawumba ndi manja awo. Koma dothi linali la eni, ndipo chimwalirireni mayiwo, galimoto ya Oscar ikangotulukira kuchokera ku Lilongwe, a Silvesta ankasowa mtendere.

Tsiku lina sabata imeneyo Oscar anakhala pakhonde ndi Yunisi, mwana yekhayo wa a Silvesta, mitu itagundana pafoni.

"Ichi chili ndi malo awiri oyakira moto," anatero Oscar. "Ichi anayi, chivundikiro, ndi matayala omwe. Ukuti bwanji, Yunisi?"

"Aaa, amalume, cha matayalacho ndiye cha mabwana!"

"Mukugula chiyani?" anafunsa a Silvesta.

"Chowotchera nyama cha gasi, alamu. Anzanga akuntchito akubwera. Sangadye mbuzi yonunkha utsi."

"Mbuzi za pakhomo pano ndakhala ndikuwotcha ndine, pamakala a tsanya. Ndani anatsegula m'mimba?"

"Zinali kale izo, madala. Mitengoyo si munamaliza nokha inu?"

Atatero Oscar anadzuka, namasula chingwe choyanikira zovala, n'kulowa m'nyumba wopanda odi. A Silvesta anamutsatira. Anamupeza akuyeza khomo la chipinda chawo chogona, chala chitatsina pachingwe.

"Cha malo anayi chilowa," Oscar anafuulira Yunisi.

"Chilowa kuti?"

"Chinthu chodula sichigona panja, alamu. Chitseko cholimba pano n'chanu chokhachi. Masiku ochepa chabe."

Chinabwera Lachinayi, chakuda, chachitali ngati bokosi la maliro, pamodzi ndi silinda ya gasi. Anachikankhira pambali pa bedi, mbali yomwe ankagona a Eneles.

"Fodya wanu uja, machesi, koloboyi, zonse kunja," anatero Oscar. "Ichi chikangomva moto, mutu wanu tikautola ku Golomoti."

Anaseka. A Silvesta sanadziwe ngati zinali nthabwala, ndipo analibe womufunsa amene akanamukhulupirira. Dzuwa la Okutobala linkawotcha malata mpaka kumalira okha. Iwo ankalowa monyang'ama, kununkhiza, kugunditsa khutu pasilinda. Nthawi zina ankamva ngati ikupuma. Anaifunditsa chiguduli chonyowa, chikauma n'kuthamangira kumjigo. Pomaliza mtima unakana. Anatenga mphasa n'kukayala m'khitchini ya udzu kuseri.

Amayi ena akudutsa ndi ndowa anawaona.

"Kodi a Silvesta mwayamba kale kulongedza?"

Mawuwo anawalasa. Anamupeza Yunisi akupeta mpunga wa alendo.

"Mwana wanga, usandibise. Amalume ako akonza zondisudzula chiliza chikatha? Andiuza kuti ukwati unatha, ndizipita kwathu?"

"Ababa, inunso. Wanena zimenezo ndani?"

"Ku Bembeke ndikafikira kwa yani? Abale anga onse ali kumanda. Munda anagawana kalekale."

Yunisi sanadzutse maso palichero. Ana ake awiri ankakhala kwa Oscar, pasukulu, ndipo a Silvesta anadziwa kuti pakamwa pamenepo sipatuluka kanthu.

Loweruka anthu anapemphera kumanda, nabwerera kudzadya. Chowotcheracho anachitulutsira pabwalo. Oscar anapotoza kabatani, moto wabuluu n'kuyaka wopanda utsi, anthu m'manja phu phu phu. A Silvesta anapatsidwa mbale ya nthiti, koma sanaikhudze. Maso awo anali pa akuluakulu a mbumba ya a Eneles. Wina akatsokomola, iwo ankati basi, andiitanira kuseri. Wina akanong'oneza mnzake, iwo ankatchera khutu.

Palibe anawaitana. Alendo anayamba kutsanzika, ena kuwagwira chanza ndi kuwapepesa. A Silvesta analuma nthiti imodzi yozizira. Nyama yake inali yosakoma, koma inatsika.

Kenako anamva matayala akulira pasimenti. Anzake a Oscar ankakankhira chowotchera chija m'chipinda, silinda pambuyo. Pakhonde panali thumba la feteleza, mkono wa jekete yakutchalitchi ya a Silvesta ukulendewera kunja. Oscar anatulutsa loko watsopano m'thumba la malaya.

"Tidzachifunanso pa Khirisimasi," anatero.

"Alamu, nanga bedi langa?"

"Mukufuna mudzaphulike nacho? Achemwali angandikhululukire ine?"

"Ndiye chitengeni, mupite nacho kwanu!"

"Kwathu ndi kuno." Oscar anakhoma loko, naukoka kawiri. "Ndipo musakandinamizire kwa anthu. Mwamva wina akunena kuti muzipita? Kukhitchini munasamukira nokha. Mudzi wonse unaona."

A Silvesta anatembenukira kwa Yunisi. Yunisi anali atawerama, akutolera mbale.

Pa Khirisimasi Oscar sanabwere. Mvula inawapeza a Silvesta m'khitchini muja, akusuntha mphasa kuthawa podontha. Kiyi adakali ku Lilongwe.