Pulagi ya Kagalimoto ka Adokotala

Kagalimotoko kanabwera ku galaja kwathu Lachiwiri m'mawa, katakulungidwa m'thawulo ngati khanda. Anabwera nako ndi adokotala a mano, amene timawakonzera galimoto yawo yeniyeni. Ndi kamodzi mwa timagalimoto toyendetsa ndi limoti tija, koma osati ta mabatire. Aka kali ndi injini yakeyake, yaing'ono ngati chibakera cha mwana, yomwa mafuta apadera a m'kabotolo. Adokotala anati kakukana kulira, pomwe Loweruka ali ndi mpikisano ndi anzawo.

Ndinatambasula manja kuti ndikalandire, koma bambo anandidula.

"Bweretsani kuno, adokotala. Mtsikanayu ali ndi mabuleki a minibasi."

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Sabata yapitayo ine ndi achimwene tinawakhazika pansi n'kuwapempha kuti apume ntchito, pakuti maso awo afooka ndipo kawiri konse ndinapeza manati a tayala atawasiya osamanga. Anakana kwamtuwagalu. Anati zaka makumi anayi akhala akuliza malole, ndipo adzasiya okha tsiku limene injini idzawakanike. Ndiye kachidole aka kanasanduka mlandu wa m'banja.

Kalizidwe kake n'kosavuta. Pamutu pa injini pali pulagi yokhala ndi kawaya kopota m'kati. Umavekapo chotenthetsera cha batire kuti kawayako kafiire, kenako n'kukoka chingwe ngati cha jenereta. Bambo anakoka, kanakana. Anakokanso, zii. Pamenepo anachita zomwe manja awo anazolowera pa malole: injini ikanyanyala, ipatse mafuta. Anatseka ekizozi ndi chala n'kukoka kakhumi konse kuti mafuta akwere. Kenako chingwe chinalimba gwa.

"Bambo, yakhuta mafuta imeneyo," ndinatero ndili pansi pa minibasi. "Pisitoni ilibe popita. Musakokenso."

"Unayamba liti kuphunzitsa abambo ako, iwe?"

Anaponda benchi ndi phazi limodzi n'kukoka ndi mphamvu zonse. Chingwe chinaduka, chogwirira chinatsala m'manja, ndipo chigongono chawo chinakagwetsa chitini cha mawashala. Ndinawatola ine, ndikutukwana chamumtima.

Lachitatu lonse linathera pa sipuling'i yobweza chingwe. Akangoti aipinde m'kabokosi kake, inkafwamphuka n'kukagwera kuseri kwa matayala akale. Ndinaifunafuna katatu, maondo ali bii. Nditapempha kuti ndiwathandize anandiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kwake kuti, munthu thukuta lili kamukamu, akulankhula ndi chidole ngati chawalakwira? Minibasi inatuluka mochedwa, mwini wake anandikalipira ine, ndipo madzulo achimwene anaimba foni kufunsa ngati nkhalamba yagonja. Ndinawadulira foniyo. Onse awiri anali atandikwana.

Lachinayi bambo anamanga chingwe chatsopano. Anamasula pulagi, anatembenuza kagalimotoko chadodolido n'kukoka, ndipo mafuta anafwavukira pa ovolosi yawo. Sanandiyang'ane, nanenso sindinanene kuti ndinanena. Atabwezera pulagi anakoka mpaka phewa linayamba kuwawa, koma injini inangoti khophokhopho n'kukhala chete.

"Tayesani pulagiyo ili panja," ndinatero. "Muone ngati kawayako kakufiira."

Ulendo uno anamvera. Anaimasulanso, anailowetsa m'chotenthetsera, n'kuiyandikiza kumaso mpaka kutsala pang'ono kukhudza mphuno.

"Ikuyaka bwinobwino," anatero. "Vuto ndi kabuleta."

Ndinasuzumira paphewa pawo. Kawayako kanali kotuwa, kozizira. Ndinatchinga kuwala ndi dzanja, mwina dzuwa likundinamiza, koma munalibe moto ngakhale pang'ono.

"Bambo, sikuyaka."

"Ikuyaka, ndikuiona."

"Sikuyaka, bambo. Batire la chotenthetserachi linatha kalekale. Masiku atatu mwakhala mukukoka injini yopanda moto."

Ndinalankhula mokweza kuposa mmene mwana ayenera kulankhulira kwa bambo ake, mpaka wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana nafe anazimitsa makina ake kuti amve bwino. Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo sichinali chidole chimene chinandipsetsa. Anandinamiza maso ndi maso, pa kanthu kamene aliyense wopenya akanakaona.

Ndinatsegula chotenthetseracho, ndinachotsa batire lakale, n'kuikamo lina lotchaja la m'dirowa. Kawaya kanafiira nthawi yomweyo ngati khala. Ndinawapatsira. Anakayang'ana nthawi yaitali, akukatembenuza uku ndi uku, kenako anakayandikiza patsaya kuti amve kutentha.

"Nanga pano?" anafunsa chapansipansi.

"Pano ikuyaka."

Anagwedeza mutu. Anayesa kubwezera pulagi pamutu pa injini, koma inkangolowa chopendekera. Atalephera kachitatu anaiika m'dzanja langa. Ndinaimanga, ndinavekapo chotenthetsera, ndipo pokoka kachiwiri kanalira. Kanjini kakang'onong'ono koma phokoso lake lobaya m'makutu, utsi woyera uli tolotolo m'galaja monse. Wowotcherera uja anaomba m'manja ali pakhomo.

Bambo anadikira mpaka nditakazimitsa.

"Adokotala akabwera uwauze kuti wakonza ndiwe," anatero. "Achimwene akonso uwaimbire. Uwauze kuti injini yandikanika."

"Linali batire chabe, bambo. Aliyense zikanamuchitikira."

"Usandinyengerere, mwanawe. Ndinakuuza kuti ikuyaka."

Anavula ovolosi dzuwa lili paliwombo, anaipinda bwinobwino n'kuiika pa benchi. Zimene ndinkapempha sabata yonse ndinazipeza, koma sindinakondwe m'pang'ono pomwe. Ndinamva chisoni ndi manyazi, ndipo ndinalakalaka ndikanasintha batire lija mwakachetechete iwo akuyang'ana kumbali. Anatuluka akupapasa chitseko, ndipo atafika pa msewu anaima kuyembekeza kuti ndibwere ndidzawawolotse.