Mwendo wa Atate ndi Njuchi za Boaz

Chilonda cha atate chinakana mankhwala onse. Jekeseni, mapilisi, zonse zinapita pachabe, mpaka adokotala ku Chipata anati mwendowo udulidwe tizilombo tisanalowe m'magazi. Atate, mphunzitsi wopuma wozolowera kulamula, anakana kwamtuwagalu.

Ine mtima sunali m'malo. Ndinasiya katundu wanga wamalonda kumalire a dziko ku Mwami n'kuimbira mng'ono wanga Tamiwe, amene amafufuza za mankhwala ku Lusaka. Nanga si ndiye timanyadira kutchalitchi?

Atafika kuchipatala, tinamupanikiza kuti anene zimene amapanga.

"Ndimatenga kachidutswa ka ululu wa njuchi n'kulumikiza ndi kena ka pakhungu la chule," anatero. "Zikagwirizana, zimaboola tizilombo tosamva mankhwala."

Mlongo wathu Boaz, mwini phuma, sanadikire kuti amalize. M'mawa mwake anatulukira kuchokera ku Chipangali nkhope itatupa ngati chitumbuwa, botolo la njuchi kumanja, chule m'jumbo kumanzere.

"Zipangizo ndi izi. Sakaniza!"

Ndinafuna kuseka, koma Tamiwe anagwetsa misozi.

"Achimwene, si choncho. Mankhwalawo akadali m'kompyuta ndi m'timbale toyesera. Tizilombo amapha ndithu, koma amawononganso magazi a munthu. Ngakhale khoswe sitinamubaye."

Ndinapsa mtima. Ndinazungulira bedi, kutuluka, kulowanso. "Ndiye wabwera kudzatani? Kudzationetsa magalasi?"

"Maureen, khala pansi," anatero atate. Anatembenukira kwa Tamiwe. "Tizilombo timene umayeserapoto umatitenga kuti?"

"Tambiri timaitanitsa kunja, atate. Ta odwala akuno sitipezeka kawirikawiri."

"Nanga tangati n'tolimba?"

"Kwambiri. Tagonjetsa mankhwala onse amene akupatsani."

Atate anagwedeza mutu ngati akumva za mwana wa m'kalasi mwawo amene wakhoza mayeso. Anayang'ana mwendo uja nthawi yaitali, akusisita bondo. Ine mantha anandigwira kuposa masiku onse aja.

"Mankhwala akowo adzandipeza ndili moyo?" anafunsa atate.

Tamiwe anawerama. "Sindingakunamizeni. Zimatenga zaka."

"Chabwino. Boaz, katulutse njuchizo zisanalume anamwino. Maureen, kaitane adokotala, uwauze ndavomera." Analoza Tamiwe. "Koma asanakautaye, mwanayu atengeko tizilombo take. Mwendo wonsewu usapite ulele."