Ulusi Wobiriwira mu Mpango wa Mwanaisha

Chaka chimene korona inatseka zitseko za Doha, Nasibu anazula matabwa a bedi lothyoka n'kupanga chimango cholukirapo nsalu. Anakhoma timisomali m'mbali mwake, n'kuchitsamiritsa kukhoma m'chipinda chimene ankagona ndi alonda anzake ku Al Asmakh. Anzakewo ankamuseka kuti bambo wandevu zake akusewera ndi ulusi ngati mwana wasukulu. Asanabwere kudzalondera mashopu ku Al Sadd anali woluka nsalu ku Liwonde, ndipo zala zake zinali zisanaiwale.

Ankalukira mwana wake Mwanaisha mpango woti adzavale pa ukwati, wa mabokosibokosi, woti pasapezeke wina wofanana nawo. Nsalu yotere ili ndi lamulo lake. Mitundu imene wandandalika pa ulusi woimirira uyenera kuibwereza momwemo pa ulusi wopingasa, ndipo ndondomekoyo imangobwerabwera mpaka nsalu ithe. Ukaika mtundu kamodzi, ndiye kuti wauika paliponse.

Mitunduyo anaisankha yekha, mofatsa, ngati akusankha mbewu. Wofiira unali dothi la kumunda kwawo. Wabuluu anaumasula ku yunifolomu yakale ya kampani yolondera, chifukwa ndi imene inaphunzitsa Mwanaisha sukulu, zabwino zake ndi zoipa zake zomwe. Woyera unachokera ku mkanjo wake wopempherera umene unatha m'khosi. Mashopu a ulusi anali otseka, koma ngakhale akanakhala otsegula, woluka sataya ulusi. Nasibu ankatola ngakhale kogwera pansi pa bedi.

Chaka chomwecho boma linali litasintha lamulo, kuti munthu angathe kusintha ntchito osapempha kalata kwa bwana wake. Alonda anavina m'makonde. Koma lamulo linasintha papepala, mitima ya mabwana ena inatsala pomwepo. Ku kampani yawo, munthu akamveka kuti akufuna kuchoka mapepala ake asanalowe ku boma, ankamufufutira chitupa chokhalira m'dziko n'kumukweza ndege. Zinamuonekera mlonda mnzawo Grayson, amene anauza anzake nkhani yake yofuna kuchoka akudya. Bedi lake ndi lomwe lija Nasibu anazula matabwa.

Ndiye Nasibu anatseka pakamwa. Hotela ina ya kufupi ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja wa Corniche inali itamulonjeza ntchito ya pakhomo, kungoyembekeza kuti mkulu wa hotelayo asayine. Anamuyesa thupi n'kumupatsiratu jekete lobiriwira ngati masamba a chinangwa. Mikono yake inatalika. Nasibu anaidula, anapinda bwinobwino, jeketelo n'kulibisa pansi penipeni pa chikwama. Zinatsala zidutswa ziwiri zija. Wina akanaziponya m'bini ya kutali, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma inu, ulusi wabwino chonchija! Anazimasula.

Mumtima ankati kamzere kakang'ono, kopyapyala, pakati pa buluu ndi woyera, ndani angakaone? Ankafuna kuti mawa lake nalo likhalemo mu mpango wa mwana wake. Anaiwala lamulo limene ankalidziwa kuposa wina aliyense. Nsalu itafika pakati, kamzere kaja kanali katabereka. Kanadutsa uku, kanadutsa uko, ndipo pamene pali ponse timizereto tinakumana panatuluka kadontho kobiriwira kowala, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Lachisanu masana atabwera kopemphera, anamva nsapato pamasitepe. Sizinali zothamanga. Anali a Macfussy, kapitawo wa alonda, Mmalawi mnzawo wa ku Ntcheu, munthu wolankhula motsitsa amene sanakalipirepo wina aliyense. Alonda ankaopa kufatsa kwawoko kuposa ukali wa bwana mwini. Chiyambireni mliri ankayenda ndi kamakina koyezera kutentha kwa thupi, ndipo kamakinako kankawalowetsa m'chipinda chilichonse osagogoda.

"Che Nasibu, muli nokha? Yalla, tiyeni, bweretsani chipumi."

Anamuloza nako pamphumi. Kanalira. Koma maso a a Macfussy sanali pa nambala, anali kukhoma.

"Eee, koma luso lilipo apa. Ya madamu?"

"Ya mwana, akulu. Akukwatiwa."

"Mashallah." Anakoka mpando n'kukhala, chinthu chimene sankachita. "Anyamata amati mtundu uliwonse uli ndi nkhani yake. Tandiuzeni. Wofiirawu?"

"Dothi la kwathu."

"Wabuluuwu ndauzindikira, ndi wathu uwu. Mwatilemekeza." Chala chawo chinayenda pang'onopang'ono mpaka chinaima pa wobiriwira. "Nanga uyu?"

Nasibu anayang'ana kamzere kamene analozako.

"Ndi mpunga, akulu. Madimba a m'mbali mwa Shire."

"Mpunga." A Macfussy anagwedeza mutu ngati akugwirizana nazo. "Green ameneyu ndinamuonapo penapake. Ma guard anga ena amene anathawira ku hotela ija ya ku Corniche amavala mpunga womwewu. Mumagula kuti ulusi, ma shop ali closed?"

"Ndimangotola, akulu."

"Mafi mushkila, palibe vuto. Kutola si mlandu."

Kumapeto kwa chimango kunkalendewera tinsonga ta ulusi. A Macfussy anasankha kamodzi kobiriwira, anakadula ndi mano atatsitsa masiki, n'kukakulunga kuchala. Anatsanzika mwaulemu, anafunira Mwanaisha ukwati wabwino, ndipo chitseko anachitseka mosamala kuti chisamveke.

Nasibu anaimbira foni ku hotela kuja. Anamuuza kuti mkulu wosayina uja ali pa kwalantini, aleze mtima. Akanaleza bwanji? Anakhala pansi, anatenga singano, n'kuyamba kusolola ulusi wobiriwira umodziumodzi. Ankalira uku akusolola, misozi yaukali, wodzikwiyira yekha. Wopingasa unkatuluka movuta, woimirira unkachita kudula kaye ku msomali. Anzake atabwera ku ntchito anamupeza ali pomwepo, ndipo palibe anaseka. Mmodzi anangosuntha chikwama chake kuchichotsa pafupi ndi cha Nasibu.

Zonse zobiriwira anazikulunga m'pepala n'kukaziponya m'bini ya msewu wina, kumene zinayenera kupita poyamba paja. Koma nsalu siiwala msanga. Paliponse pamene panadutsa ulusi uja panatsala mpata, kanjira kopanda kanthu, kodutsa uku ndi uko mwa ndondomeko yomwe ija. Anayesa kukankha ulusi wina ndi chipeso kuti utseke. Ukatseka apa, mpata unkatsegukira apo.

Kutacha anavala yunifolomu yabuluu, anapukuta nsapato, n'kutsikira kumene basi ya kampani inkawatengera. Dalaivala, amene masiku onse ankamupatsa moni wa nthabwala, anayang'ana kumbali.

"Dzina lanu palibe lero. Akuti mudikire ku room."

Anakwera masitepe aja ngati wasenza thumba la simenti. Sanadikire nthawi yaitali. Nsapato zija zinamvekanso, zosathamanga, ndipo kumbuyo kwake kunali zina zolemerera. A Macfussy analowa, pakhomo panatsala mwamuna wa ku ofesi atanyamula envulopu.

A Macfussy anaima patsogolo pa chimango nthawi ndithu. Kenaka anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kaulusi kaja, anakawongola ndi zala, n'kukagoneka mu umodzi wa mipata ija. Kanakwana ndendende.

"Mpunga wauma usiku umodzi, Che Nasibu?"

Nasibu anayang'ana envulopu ija.

"Khalas, zatha. QID yanu, chitupa chanu chokhalira muno, apanga cancel m'mawa uno, ticket ili mu envulopumo. Longedzani." Anasisita nsaluyo ndi chikhatho, mwachikondi ndithu, ngati munthu woyamikira ntchito yabwino. "Musaiwale kumasula mpangowu. Mwapulumuka ndalama zotumizira pa cargo, mukampatsa nokha mwanayo m'manja."

Nasibu anagwada n'kuyamba kumasula ulusi ku misomali. Mpango unali usanathe, ndipo atauchotsa pa chimango unalekana m'mipata muja, n'kumulendewera m'manja ngati ukonde wong'ambika.