Mphemvu za Bwana Fahad

Lingson anali dalaivala, ndipo dalaivala weniweni sapeza mtendere akaona galasi lili ndi mafuta. Ukhondo womwewo ndi umene unamugwetsa m'mavuto pa tsiku limene bwana wake ankatuluka ku hotela kumene anamubindikiritsa chifukwa cha kolona atabwera kuchokera kunja.

Nyumba ya Bwana Fahad ku Al Duhail, kudziko la Aarabu, inali ndi majilisi, chipinda chachikulu cholandiriramo alendo aamuna, chokhala ndi khomo lakelake lakubwalo. Pakona pa chipindacho panali bokosi lagalasi, ndipo m'bokosimo munkakhala mphemvu. Osati tija timabalalika mukayatsa nyali kukhitchini ayi. Izi zinali za ku Madagascar, zazitali ngati chala chapakati, zonenepa, zopanda mapiko, zonyezimira ngati nsapato yopolisha. Ukazikhudza zinkalira kuti tsss, ngati tayala lobooka. Bwanayo ankazikonda kuposa mmene ena amakondera abale awo, ndipo yaimuna yaikulu, ya tinyanga tiwiri, anaitcha Jenerali.

Kwathu timati mphemvu mdyerakumthiko, koma izi mthiko sizinkaudziwa n'komwe. Zinkadya malalanje, karoti ndi chakudya chouma cha agalu chogula kusitolo. Zinkagona pa utuchi wa makoko a kokonati, n'kumabisala m'mathireyi a mazira. Madzi zinkayamwa pa thonje lonyowa kuti zisamire, ndipo pambali pa bokosi panali kamphasa kamagetsi kozitenthetsa, poti AC ya m'majilisi inkazizira ngati m'firiji.

Ntchito yozisamala inali ya Amina, mtsikana wa ku Mombasa amene ankagwira ntchito ya m'nyumba. Chaka chimenecho, cha 2020, lamulo linasintha: wantchito ankatha kupita kwa bwana wina osapempha chilolezo, bola apereke notisi. Amina anakhulupirira zimenezo. Bwana ali kunja kwa dziko, iye anapereka notisi, anakangana ndi Madam, mkazi wa bwanayo, ndipo asanazindikire ID yake yokhalira m'dzikomo anali ataifafaniza. Ntchito yatsopano sanaione, anaona ndege. Tsiku lochoka anamusonyeza Lingson kadyetsedwe ka mphemvu mothamanga, misozi ili m'maso, ndipo zina anaiwala kunena.

Nayenso Lingson anali atapereka notisi. Hotela ina ya ku West Bay inkamufuna, ya maola odziwika ndi tsiku lopuma lenileni, ndipo ankayenera kuyamba mwezi ukatha. Pafoni bwana anangoti akambirana akabwera. Lingson ankadziwa bwino kuti lamulo ndi lamulo, koma bwana wokwiya ali ndi njira zambiri. Choncho anatsimikiza mtima kuti Bwana Fahad adzapeza zonse zili m'malo mwake, asapeze pogwira.

N'chifukwa chake madzulo a tsiku loti mawa lake bwana atuluka, atathira chakudya, anayang'anitsitsa mzere wa mafuta umene unazungulira m'kati mwa galasi chakumwamba. Unali utagwira fumbi, wonyansa. Ananyinyirika kuti Amina anali wauve, anatenga nsalu yake yopukutira galimoto, n'kupukuta mpaka galasi linayera mbee. Chivundikiro chinali cha sefa wopepuka, chong'ambika pakona pamene pankadutsa waya, koma chinali chotero kuyambira kale ndipo sichinavutepo.

M'mawa anapeza bokosi lili zii. Ananyamula thireyi ya mazira, napeza yaikazi imodzi yokha yonenepa kwambiri, imene mwina inalemedwa. Zinzake zonse zinali zitapita, Jenerali yemwe. Imodzi anaiona pansi pa tebulo, anaitola n'kuibwezera, ndipo iyo inangoyenda pagalasi loyeralo ngati pamsewu wa tala, ulendo wa kumwamba. Apa m'pamene anamvetsa kuti uve uja unali vaselini, mpanda wokhawo umene unkaziterereza kuti zisatuluke. Anadzitukwana yekha, anathamangira kuchipinda kwake kukatenga vaselini wake wodzola, n'kupaka mzere wina ndi chala.

Akanakhala ndi tsiku lonse akanazisaka mofatsa. Koma Madam, amene ankaopa kolona ndipo mphemvu ankadana nazo ngakhale kuzimva dzina, anali ataitanitsa anthu opopera mankhwala kuti ayeretse nyumba yonse mwamuna wake asanafike. Anali atalamula mankhwala a zonse, a matenda ndi a tizilombo tomwe. Bokosi anali atamuuza Lingson kuti alitulutse kaye. Nanga tsopano atulutse chiyani, eni bokosi ali m'makona? Masana ankayenera kukatenga bwana ku hotela.

Anagwada n'kuyamba kukwawa. Anatembenuza mapilo aakulu a pansi aja, anasuzumira m'miphika ya khofi yokongoletsera, anapisa mkono pansi pa kapeti. Zina anazipeza zitaunjikana kuseri kwa TV, zina m'bokosi la matishu. Iliyonse akaigwira inkalira mokwiya n'kumukanda ndi minga ya kumiyendo. Munthu amene anakula akupha mphemvu ndi patapata anali kuzinyengerera ngati ana a mfumu, ndipo manyazi anamugwira ngakhale panalibe womuona.

Ali ndi zitatu m'manja, chitseko cha m'kati chinatseguka. Anaziponya m'thumba la malaya n'kuimirira. Madam anaima pakhomo atavala masiki ndi magolovesi, nafunsa chifukwa chake bokosi linali lisanatuluke. Lingson anaima motsekereza bokosilo, nayankha kuti akulitulutsa pompano. Nthawi yomweyo m'thumba munalira tsss. Posowa chochita, anatsokomola kuti aphimbe phokosolo. Inaliranso ina, iye anatsokomolanso, kwambiri.

Chaka chimenecho kutsokomola kunali koopsa kuposa kutukwana. Madam anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko. Analamula kuti amuonetse foni ali pomwepo, ndipo ngakhale Ehteraz, pulogalamu ya boma yosonyeza ngati munthu ali ndi matendawa, inali yobiriwira, sanakhutire. Ananena kuti opopera akangofika ayambire m'majilisi momwemo, mmene mwatsokomoleredwa, kenako anatseka chitseko mwamphamvu. Belu la pageti linalira Lingson asanapume n'komwe.

Analowa amuna ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atabereka mapampu kumsana. Wamkulu wawo analunjika ku majilisi, napeza Lingson atatambasula manja pakhomo akuyankhula Chingerezi chosamveka mutu wake. Munthuyo anamuyang'ana, anayang'ana kambendera kakang'ono ka dziko lakwathu kamene kankalendewera pa makiyi a galimoto, kenako anatsitsa masiki pang'ono.

"Achimwene, tayankhulani Chichewa. Chavuta n'chiyani?"

Anali Abudu wa ku Mangochi, bambo wa imvi m'ndevu. Lingson anafotokoza zonse mosabisa, za galasi, za Amina, za hotela. Abudu anasuzumira m'bokosi, anapukusa mutu, nati zaka zonsezi akulipidwa kuti aphe mphemvu, lero wakumana ndi zokhala ndi bwana wozilembera ID. Koma sanaseke nthawi yaitali.

"Ine ndili ndi ma-villa ena lero, ndipo supervisor amationa pa GPS. Madam wanuyo akaimba ku office kuti tikuchedwa, khalas, zanga zatha, nanenso ndili pa ndege."

"Chonde akulu, pang'ono pokha. Mukapopera muno ndatha ine. ID yanga aikansela."

Abudu anayang'ana chitseko cha m'kati. Kenako anatuma anzake aja kuti akasakanize mankhwala kugalimoto, ndipo asafulumire. Anatseka khomo, anazimitsa AC, nauza Lingson kuti asiye kusaka paliponse ngati nkhuku yodulidwa mutu, chifukwa mphemvu ikathawa kuzizira imalondola pofunda. Anakoka kafiriji kakang'ono ka zakumwa kamene kanali pakona, ndipo kuseri kwake, pafupi ndi injini, zinali zitaunjikana mulu. Lingson anaziwola ndi manja onse awiri, zikulira ngati mafuta mu chiwaya.

Jenerali sanali pamenepo. Anafufuza kuseri kwa makatani, m'madirowa, pansi pa mipando, osamupeza. Madam anagogoda chitseko kufunsa chifukwa chake pampu sikumveka. Abudu anayankha m'Chiarabu chake chothyokathyoka kuti palibe vuto, akuyamba, kenako ananong'oneza Lingson kuti nthawi yatha, anyamule zimene wapezazo. Lingson anayang'ana m'bokosi. Zina zonse bwana akanatha osazindikira kuti zasowa, koma Jenerali ndiye woyamba kumufuna akangolowa.

Abudu anaona nkhope yake, nausa moyo. Anatenga ndodo ya pampu yake n'kuyamba kugogoda zinthu chimodzichimodzi, khutu lili tcheru. Anagogoda tebulo, kabati, sipika. Madam anagogodanso, tsopano ndi chikhatho. Abudu anafika pa shelefu ya nsapato pafupi ndi khomo, anagogoda nsapato yachikopa ya bwana, ndipo m'katimo munatuluka tsss wamphamvu, wa mwini nyumba amene wasokonezedwa tulo. Lingson anakhuthulira Jenerali m'manja mwake, ndipo akanakhala yekha akanalira.

Ananyamula bokosi kukaliika m'chipinda chake chapafupi ndi geti, pamwamba pa tebulo, pambali pa sutikesi imene anali atayamba kale kulongedza. Kumbuyo kwake pampu inayamba kulira. Sanapeze ngakhale mpata wothokoza bwino. Anasamba m'manja, anasintha malaya, n'kuyendetsa galimoto kupita ku hotela.

Bwana Fahad anakhala kumbuyo akuwerenga za pafoni njira yonse. Atangotsika pakhomo n'kumva fungo la mankhwala, nkhope yake inasintha, nafunsa kumene kunali mphemvu zake. Lingson anamutsogolera kuchipinda kwake, kumene bwanayo anali asanapondemo chilembereni dalaivala. Bwana anawerama pa bokosi, anapeza Jenerali akudya lalanje ngati palibe chachitika, kenako ananyamula thireyi ya mazira. Pansi pa yaikazi yonenepa ija panali tiana toyera ngati mpunga, tambirimbiri, tongobadwa kumene.

Bwanayo anaseka ngati mwana. Anati kwa nthawi yaitali wakhala akudikira kuti ziswane koma zinkakana, ndipo Amina sankazidziwa bwino. Anayamikira galasi loyera, vaselini watsopano, ndi nzeru yozichotsa opopera asanafike. Kenako maso a bwana anagwera pa sutikesi ija.

"Za hotela zija uziiwale," anatero. "Sindingapeze wina wozisamala chonchi. Ndikuwonjezera malipiro, ukachotse notisi ija."

Walira mvula walira matope. Lingson anali atakwawa m'mawa wonse, ataika ntchito ya Abudu pachiswe, kuti bwana asapeze chifukwa chomuletsera, ndipo ndi manja ake omwe anali atamupatsa chifukwa chomugwirira. Anakwiya, komanso anachita mantha. Anakumbukira mmene Amina ananyamulira chikwama chake pageti lomwelo. Akanatha kunena kuti inshallah, Mulungu akalola, monga amachitira aliyense wofuna kuthawa yankho, koma anadziwa kuti akatero mwezi utha ali pomwepo.

"Bwana, notisi sindichotsa. Amene abwere ndimuphunzitsa zonse, koma mwezi ukatha ndikupita."

Bwana Fahad anaimirira pang'onopang'ono. Kuseka kuja kunali kutatheratu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, monga munthu amayang'anira mpando umene wayankhula, koma Lingson maso sanagwetse. Bwanayo anatambasula dzanja, nati abweretse makiyi a galimoto. Lingson anawapereka.

"Galimoto yanga suikhudzanso. Kuyambira lero ntchito yako ndi izi basi, ndipo zikhala muno mmene ukugonamo. Kamodzi kokha ka tianati kakafa mwezi usanathe, hotela yakoyo udzaionera pawindo la ndege. Tianati tikakhala tamoyo tonse, pita."

Anatuluka osatseka chitseko. Lingson anakokera mpando pafupi ndi tebulo, anazimitsa AC ngakhale kunja kunkatentha ngati ng'anjo, n'kuyandikitsa nkhope pagalasi. Tianato tinali titayamba kale kubalalika mu utuchi, tating'ono moti ukangophethira kena sungakaonenso, ndipo mwezi unali usanafike n'komwe pakati.