Mpando Umodzi pa Inkanyamba

Mitambo inayamba kusonkhana chakum'mwera itangokwana 3 koloko, ndipo Mzwakhe Hlatshwayo anaiona wina aliyense pamzerewo asanakweze maso. Munthu amene wakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri akuyang'anira mizere ya okwera minibasi pasiteji ya ku Germiston sachita kuuzidwa za mvula ya mu Disembala. Imabwera masana ndi ziphaliwali, ndipo papaki ya zisangalalo ngati iyi ya ku Boksburg, chiphaliwali chikangong'anima pafupi, makina onse amazimitsidwa, tsiku n'kuthera pomwepo.

Pamwamba pawo inkabangula Inkanyamba, sitima ya mipando makumi awiri ndi inayi yothamanga panjanji zopindikapindika m'mwamba, anthu akukuwa ali chadodolido. Zaka khumi zapitazo mwana wake Nokwanda anabwezedwa pachipata chomwechi chifukwa mutu wake sunafike pachizindikiro choyezera msinkhu. Analira njira yonse, ndipo Mzwakhe anamulonjeza kuti abweranso chaka chamawa. Chaka chamawacho chinachedwa mpaka lero. Mu Januwale mtsikanayo ankapita kukaphunzira unamwino ku Bloemfontein.

Mzwakhe anawerenga mitu mwachizolowezi cha ntchito yake. Patsogolo pawo panali anthu oposa zana, koma sitima iliyonse inkangotenga khumi ndi awiri a pamzere wawowu. Mipando inayo inali ya anthu ovala tizibangili tachikasu, olowera pakanjira kawokawo ka m'mbali osaima n'komwe. Pankafunika ola lathunthu, pamene mitambo ija inali itangowapatsa theka la ola.

"Alamu, mukuwerengabe ng'ombe za eni?" Anali Sello, mlongo wa mkazi wake, akubwera akutafuna soseji ya m'banzi. M'dzanja linalo ananyamula tizibangili tiwiri tachikasu. "Ndagula. Marandi 350 kamodzi. Valani inu ndi mwanayu, mukwere mvula isanagwe."

"Kabwezeni."

"Sabweza ndalama kuno, si pasiteji panu."

"Polowa pachipata talipira 280," anatero Mzwakhe motsitsa mawu. "Ndiye kulumpha mzere kudule kuposa kulowa? Akugulitsa chiyani kwenikweni? Mipando sanaonjezere. Akugulitsa nthawi ya mayi uyu wabereka mwanayu, ndipo iye sakulandirapo ngakhale senti."

"Ee, mwayamba ulaliki! Msewu wabwino timalipira, chipatala chabwino timalipira. Amene wakhetsa thukuta chaka chonse asagule mpumulo pa Khirisimasi? Palibe amene waba apa. Mtengo aulemba poyera."

"Ukalembedwa poyera ndiye kuti si chiphuphu? Ine pasiteji munthu akandipatsa marandi makumi awiri kuti ndimutsogoze, abwana amandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Apa achimata utoto wachikasu basi."

Bambo wina wa kumbuyo kwawo anaseka n'kunena kuti, "Auzeni, mdala!" Koma Nokwanda sanaseke. Maso ake anali patizibangili tija.

"Ababa," anatero, "mfundo zanuzo ndazimva kuyambira ndili kamwana, ndipo sindikuzitsutsa. Koma zaka khumi ndadikira ndine, osati inu. Bingu likangogunda, nditenga ka amalume."

Mawuwo anamulowa Mzwakhe ngati munga wa kuphazi. Anangoyang'ana sitima ina ikunyamuka, ndipo apa ndi pamene diso lake la pasiteji linaona chimene ena onse sankachiona. Mipando itatu inapita yopanda anthu. Anadikira sitima yotsatira: inayi. Mipando inali iwiriiwiri, ndipo banja la anthu atatu kapena asanu linkasiya umodzi. Panalibe amene ankaudzaza.

Ku Germiston minibasi sinyamuka ndi mpando wopanda munthu. Woyang'anira mzere amakweza chala chimodzi n'kuitana amene ali yekha, kuyambira kutsogolo kumka kumbuyo, katatu. Woyamba kuyankha ndiye amakwera, ndipo palibe amene amadandaula, chifukwa sanalande malo a munthu.

"Achimwene, ndigwirireni malo," anauza bambo wa kumbuyo uja, n'kuwerama kudutsa pansi pa chitsulo.

Pachipata panali mayi wovala yunifolomu yobiriwira, dzina lake Charmaine litalembedwa pachifuwa. Nkhope yake inali ya munthu amene watukwanidwa kuyambira m'mawa.

"Bwererani pamzere, bambo."

"Mayi, sindikufuna kukwera. Mukutumiza mipando yopanda anthu pamene mvula ili pakhomo."

"Ine ndinauzidwa kuti theka achikasu, theka enawa. Mukapitiriza ndiitana alonda."

"Achikasu akwere onse, sindikhudza ngakhale mmodzi. Koma kodi abwana anu anati mpando wotsalawo muzikwezapo mphepo?"

Charmaine anagwira wailesi yake ya m'chiuno. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana mzere umene unali utayamba kung'ung'udza, kenako anachotsapo dzanja. "Ine sindinakutumeni," anatero. "Mipando yatsala iwiri."

Mzwakhe anaponda chitsulo chapansi, nakweza chala. Mawu amene anatuluka anali aja amamveka pakati pa mahutala a minibasi makumi asanu.

"Mmodzi! Ali yekha ndani? Mmodzi!"

Anthu a kuno kuitana kumeneku amakudziwa kuyambira ali kumsana. Mzere wonse unaseka kamodzi, wina n'kukuwa kuti, "Minibasi ya ku Vosloorus yadzaza kodi?" Koma manja anakwera. Mnyamata wa chipewa chofiira anadutsa, kenako mayi wina wamagalasi. Sitima inanyamuka yodzaza. Yotsatira inatenga anayi, ina atatu. Sitima iliyonse Mzwakhe ankayambiranso kutsogolo, chala chake n'kumayenda pang'onopang'ono kumka kumbuyo, ndipo nthawi iliyonse munthu ankapezeka chalacho chisanafike pa Nokwanda.

Bingu linagunda. Mphepo yozizira inauluza mapepala a chipisi. Mzwakhe anaona Sello akutambasulira mtsikanayo kachibangili, ndipo anaona Nokwanda akukalandira. Sanakavale. Anangokafumbata, maso ali pa bambo ake.

Wailesi ya Charmaine inalankhula. Iye anamvetsera, kenako anati, "Iyi ndi yomaliza, akuti titseke. Watsala umodzi."

"Mmodzi!" Chala chinayamba kutsogolo. Mabanja okhaokha, zibwenzi zogwirana manja. "Mmodzi!" Chinadutsa pakati, palibe woyankha. Asanaitane kachitatu, dzanja la Nokwanda linakwera.

"Iyayi!" Anali mayi wina wa duku la buluu, amene anali patsogolo ndithu pa mtsikanayo. "Ameneyo ndi mwana wake! Ndawaona akubwera limodzi. Ndiye chifukwa chake amadzichititsa ngati m'busa, kuti alowetse wake! Bola achikasu aja amalipira."

Mzere unayamba kusokosa. Ena anavomereza. Mzwakhe anatsitsa chala. Zaka makumi awiri ndi ziwiri palibe amene anamuuzapo mawu otero, ngakhale oledzera a Lachisanu.

"Fulumirani," anatero Charmaine. "Apo ayi ndiitumiza chonchi."

"Ndi mwana wanga, mayi, simunaname," anatero Mzwakhe. "Mpando ndi wanu, poti muli patsogolo. Bwerani."

"Ndisiye ana atatuwa ndi ndani?"

"Tumizani mmodzi."

Anawo anakangamira siketi ya mayi awo, palibe amene anafuna kupita yekha. Mzwakhe anayambiranso kutsogolo, akuloza munthu mmodzimmodzi. "Inu, achimwene? Inu, asisi? Inu, agogo?" Aliyense ankapukusa mutu, akuloza mnzake amene anali naye. Sitima inali kudikira, dontho loyamba linagwa pachitsulo, ndipo Mzwakhe ankafunsa munthu aliyense akudziwa kuti mmodzi yekha akangovomera, lonjezo lija lithera pomwepo. Komabe sanalumphe ndi mmodzi yemwe.

"Kachitatu. Mmodzi!"

Palibe wina anakweza dzanja. Mayi wa duku uja anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Apite, nanga titani."

Nokwanda anathamanga m'mbali mwa chitsulo. Podutsa pa bambo ake anawaika kanthu m'dzanja. Charmaine anatseka chipata, lamba anamangidwa, ndipo Inkanyamba inayamba kukwera pang'onopang'ono kuloza kumitambo yakuda ija.

Mzwakhe anatsika pachitsulo. Atafumbatula dzanja anapeza kachibangili kachikasu, katakwinyika ndi thukuta, kosavalidwa.

Sello anafika pambali pake atafunda jekete kumutu. "Marandi 700 alowa m'madzi chifukwa cha inu, alamu. Ndipo mukanavala, bwenzi pano muli pambali pake m'mwambamo. Mwapindulanji?"

Funsolo linamupweteka Mzwakhe. Kwa zaka khumi, nthawi zonse akamaganiza za tsikuli, ankadziona atakhala pampando woyandikana ndi mwana wake. Tsopano pampandopo panali mlendo wa ndevu.

Sitima inafika pansonga, inaima kamphindi, kenako inagwa. Pakati pa kukuwa kwa anthu makumi awiri ndi anayi, Mzwakhe anamva liwu limodzi limene sakanalisokoneza ndi lina lililonse.

"Ndi ameneyo," anatero, mvula ikumutsika kumaso. "Mwamumva?"

"Boksburg yonse yamumva," anayankha Sello. "Tiyeni pamthunzi, mdala, musanayambe kuyendetsanso mzere wa kuchimbudzi."